Akhukhi a M'mbali mwa Nyanja

Tsiku lina m'mwezi wa Novembala, pamene dzuwa la ku Mangochi lidali litaotcha mchenga kufikira kuti ngakhale mbuzi zidabisala patsinde pa milambe, ndidafika pa nyumba ina ya alendo ya pakati pa Boma ndi Monkey Bay, imene mbiri yake idamveka kuti amaphikako monga aphikira ku France. Ndipo popeza ndidali ndi mlendo amene ndidafuna kumchereza mwaulemu, ndidakhala pansi ndi mtima woyembekezera zazikulu. Chimene chidadza patebulo, titadikira kufikira nyali za asodzi zitayamba kuoneka panyanja, chidali nsomba imene dzina lake lidalembedwa m'Chifalansa, koma mnofu wake udali wamadzimadzi monga wa nsomba yogonera masiku ambiri m'firiji, msuzi wake utalekana, mafuta paokha ufa paokha, ndipo mtengo wake udali woti msodzi sangaukhulupirire. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndidachita manyazi pamaso pa mlendo wanga, ndipo ndidapsa mtima.

Mnyamata woperekera zakudya, poona mbale zikubwerera zosatha, adapinda manja nati, "Pepani bambo, batala adatha dzana, magetsi nawo adazima m'mawa. Akhukhi ayesetsa ndi majarini." Ndidapempha kuonana nawo akhukhiwo, ndipo padatulukira bambo wa imvi, kofia kumutu, epuloni yonyowa ndi thukuta, amene adandipatsa moni wa manja awiri nanena motsitsa mawu: "Mukadanditumira mawu, bambo, ndikadakuotcherani kampango wa m'mawa uno. Chambo ino ndi nyengo yotseka, koma papepalapo abwana salola kusintha." Mkwiyo wanga udathera pomwepo, ndipo m'malo mwake mudalowa chifuniro chakuti ndiidziwe ntchito ya anthu awa, amene timadya za m'manja mwawo koma nkhope zawo sitiziona.

Ntchito ya ukhukhi kuno kunyanja ndi yakale ndithu. Chiyambire 1891, pamene Harry Johnston adamanga linga lake pafupi ndi mudzi wa mfumu Mponda m'mbali mwa Shire, malo amene adatchedwa Fort Johnston kufikira dzina la Mangochi litalowa m'malo mwake, Azungu a boma, amishoni a ku Malindi ndi ku Mpondasi, pamodzi ndi oyendetsa sitima za panyanja, onse adafuna munthu wowaphikira. Mnyamata ankalowa ntchito ali tsukambale, natunga madzi, nawaza nkhuni, maso ali pa manja a mkulu wake. Pakupita kwa zaka ankaloledwa kusenda mbatata, kenaka kukanda buledi, kufikira tsiku limene mkuluyo adwala ndipo iye aimirira yekha pachitofu. Sukulu yawo idali imeneyo. Ndipo luso lawo lidakula kotero kuti m'nyumba ndi m'mahotela a ku Salisbury, Bulawayo ndi Johannesburg, khukhi wochokera ku Nyasaland, kaya Myawo kaya Mtonga wa ku Nkhata Bay, adali wofunidwa koposa. Ambiri a iwo adakalambira komweko, nasanduka machona, manda awo ali kutali ndi nyanja imene idawalera.

Tsono kuphika kwa Chifalansa kumene eni mahotela akhumbira kuli ndi mwambo wake wolimba. Auguste Escoffier, amene adayamba kuyang'anira khitchini ya hotela ya Savoy ku London mu 1890, adagawa ophika monga agawira asilikali: wina wa misuzi yokha, wina wa nsomba, wina wa nyama yootcha, wina wa makeke, aliyense pamalo pake, ndi mkulu mmodzi wolamulira onse. Ife kuno tatengako dzina ndi chipewa chachitali choyera, koma gulu lonse lija talisenzetsa munthu mmodzi ndi anyamata ake awiri, ngakhale tidziwa bwino kuti mutu umodzi susenza denga. Chinanso chimene chidandikhudza nditachimva ndi ichi, kuti mawu aja akuti meunière, amene adalembedwa pa nsomba yathu ija, atanthauza kuphika monga aphikira mkazi wa mwini chigayo: kutenga nsomba imene yangovuulidwa kumene, kuigubuduza mu ufa, kuikazinga m'batala ndi kufinyirapo ndimu. Ndi chakudya cha anthu wamba, ophika chimene chili pakhomo pawo. Mfalansa weniweni atafika pa Nkopola kapena pa Chembe, sakadaitanitsa za kutsidya kwa nyanja zamchere. Akadapita kudoko mbandakucha kukaona chimene asodzi abwera nacho.

Khukhi wa ku Mangochi aphika pakati pa mavuto amene wakudya sawaona. Batala, tchizi ndi vinyo zambiri zichokera ku South Africa, ndipo pamene kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zotere zidakwera mtengo koposa kale, zina nkusowa m'masitolo. Magetsi, ngakhale apangidwa ndi madzi a Shire yemweyu amene adutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi, azima pamene afunira, monga adachitira kwa miyezi yambiri namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022. Ndipo nsomba imene yasungunuka ndi kuumanso kawiri, palibe luso pansi pa thambo limene lingaibwezere kukoma kwake. Mbatata ya kachewere ndi kabichi zitsika kuchokera kumapiri a Ntcheu ndi Dedza, nizifika zitafota ndi kutentha kwa m'chigwa. Chambo chimene, ulemerero wa boma lino, chidachepa: m'nyanja ya Malombe chidatsala pang'ono kutheratu pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono, ndipo pambuyo pake a kampani ya Maldeco adayamba kuchiweta m'zitete panyanja kuti msika usagone ndi njala.

Palinso chinthu china chimene anthu ochokera kumtunda sachilingalira. Ophika ambiri a kuno ndi Asilamu, ndipo munthu wopembedza moona sangalawe msuzi wothira vinyo kapena nyama ya nkhumba. M'mwezi wa Ramadani aimirira pamoto tsiku lonse, m'kutentha kwa Mangochi, osamwa ngakhale dontho la madzi, nakonzera ena zonona. Kumuuza munthu wotere kuti aphike chimene lilime lake silingayese, ndiyeno nkumdzudzula kuti mchere wachepa, ndiko kusalungama. Ndipo ine, amene ndidapsa mtima usiku uja, ndidatsala pang'ono kuchimwa tchimo lomwelo.

Za malipiro ndinena mwachidule, pakuti nzodziwika. Alendo achuluka pa Pasaka, pa Khirisimasi ndi pamene a boma ndi mabungwe adza kudzachita misonkhano yawo kunyanja. Masiku ena a dzinja zipinda zikhala zopanda anthu, ndipo aganyu auzidwa kuti abakhala kunyumba kufikira adzaitanidwe. Mliri wa Covid mu 2020 ndi kolera ya 2022 zidachotsa ambiri pantchito. Wachinyamata amene waphunzira ku Malawi Institute of Tourism ku Blantyre afika ndi pepala lake naikidwa pamwamba, zimene sizili zoipa konse, pakuti maphunziro ndi chuma. Koma mkulu uja amene wakhala zaka makumi atatu pamoto, wodziwa nsomba ya lero pongoiyang'ana m'maso ndi m'makha, alandira zochepa chifukwa alibe chikalata. Nchifukwa chake ana awo, poona atate awo akalamba opanda nyumba ya malata, akwera basi ya ku Joni monga adachitira agogo awo.

M'mawa mwake, tisananyamuke, akhukhi aja adatitumizira kampango wootcha pamakala, mpunga wa Kilombero, chisoso chotendera ndi tsabola wa kambuzi pambali. Mlendo wanga, amene wayenda maiko ambiri, adadya chete kufikira padatsala minga yokha, napempha kuti akawagwire dzanja. Manja adali omwewo a dzulo, khitchini yomweyo, magetsi ali chizimire.

Inu eni mahotela a ku Namiyasi, Makawa, Nkopola ndi Cape Maclear, ndikupemphani ndi ulemu wonse: khalani pansi ndi akhukhi anu musanalembe pepala la zakudya, muwafunse chimene nyanja ndi minda zipereka mwezi umenewo, muwatumize kukaphunzira za kunja ngati muzifunadi, ndipo muwalipire monga amisiri, pakuti ndi amisiri. Ndipo inu amene mudza kudzapuma kunyanja, mbale ikakukomerani, funsani amene waphika, mukamthokoze pamaso.