Nsomba ya pa kanema: iyenera kupsa mpaka pa munga

Amai ena m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi ayamba kuyesa maphikidwe amene amaona pa wailesi ya kanema. Nsomba imene ophika aja amaitama kwambiri ndi salmon, ya mnofu wofiirira, yocokera m'madzi ozizira a maiko monga Norway ndi Scotland. Mu Luangwa mulibe, ndipo ngakhale m'masitolo a ku Lusaka mtengo wake ngwokwera. Motero amai amatenga pende, mlamba kapena bukabuka wa ku Mpulungu n'kuphika monga anaonera.

Kuyesa sikulakwa. Koma pa kanemapo salmon amangoiwamba pang'ono, m'kati n'kutsala mosapsa. Nthawi zina amaidya yaiwisi atangoifinyira ndimu. Ngozi iri pamenepa. Nsomba yodyedwa yaiwisi kawirikawiri amayamba aiumitsa pa cisanu coopsa kuti nyongolotsi zife, ndipo siicoka pozizira kufikira ifike pa mbale. Nsomba ya pa msika wa Katete siisamalidwa motero. Yayenda ulendo wautali, ndipo mwina yasungunuka ndi kuumanso kangapo m'firiji, monga zinali kucitikira mu 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba, magetsi n'kumazima maola ambiri. Ndimu amangokometsa, sapha tizirombo. Copha tizirombo ndi moto.

Wodya nsomba yosapsa angayambe kusanza, kupotokola ndi kutsekula m'mimba. Ana aang'ono, amai apakati ndi okalamba ndiwo amafooka msanga. Anthu a ku Vubwi akumbukira kolera ya mu January 2023. Kacirombo kake kamayenda m'madzi ndi m'cakudya cosapsa kapena cogwiridwa ndi manja akuda. Wodwala motere ayenera kumwa madzi a ORS ali pa njira yopita ku cipatala, osayembekezera kuti kuce.

Nsomba yapsa ngati mnofu wayera mpaka pa munga wa pakati ndipo ukulekana wokha pougwira ndi supuni. Mpeni wotumbulira nsomba utsukidwe ndi sopo usanadule tomato.

Nanga salmon amaitamiranji? Ciri m'mafuta ake ochedwa omega-3, othandiza mtima ndi ubongo wa mwana. Mafuta a mtundu womwewo amapezekanso mu kapenta, mu usipa wa ku Malawi ndi mu nsomba za m'zitini. Kapenta amaposanso pa cinthu cimodzi: amadyedwa ndi mutu ndi minga yomwe, mmene muli kashiamu wolimbitsa mafupa ndi mano. N'zodabwitsa kuti ena amamuyesa ndiwo ya kumapeto kwa mwezi.

Kapenta wokazinga bwino, wosinja ndi kusefa, angathiridwe m'phala la mwana amene wakwanitsa miyezi 6. Odwala BP ayambe anyika kapenta kapena nsomba youma ya mcere m'madzi ofunda, madziwo n'kutaya, ndipo asathirenso mcere wina mu mphika.