Zoyenera Kuganizira Posankha Rauta ya Panyumba

Masiku ano mabanja ambiri a m'tauni, ngakhalenso ophunzira amene amachita lendi kunja kwa sukulu, amadalira Wi-Fi pa maphunziro, pa malonda ndi pocheza ndi abale akutali. Dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri ndi lakuti netiweki imagwira bwino pabalaza koma kuchipinda imasowa. Zikatere ena amathamangira kukagula rauta yokwera mtengo, ndalama n'kupita, vuto lili pomwepo. M'chimangirizo chino ndifotokoza mmene rauta imagwirira ntchito, kusiyana kwake ndi zipangizo zotchedwa mesh, komanso zimene munthu ayenera kuganizira asanatulutse ndalama. Mfundo yanga yaikulu ndi yakuti wogula atsogoze mamangidwe a nyumba yake, osati manambala olembedwa pa katoni.

Poyamba ndisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza, intaneti ndi Wi-Fi. Intaneti imafika panyumba kuchokera ku kampani, kaya kudzera pa simukhadi ya Airtel kapena TNM, pa waya wa fibre, kapena pa setilaiti monga ya Starlink imene idayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023. Ntchito ya rauta ndi kulandira intanetiyo n'kuigawira mafoni ndi makompyuta a m'nyumba kudzera m'mafunde a wailesi, ndipo kugawa kumeneku ndiko timati Wi-Fi. Zili ngati madzi a m'mipope: ngati madzi akubwera ochepa kuchokera kuthanki, mpope watsopano sungadzazitse ndowa msanga. Chimodzimodzinso, ngati kampani ikupereka liwiro la 10 Mbps, rauta ya mtengo uliwonse singapitirire pamenepo. Choncho ndi bwino kuyeza liwiro muli pafupi ndi rauta, kenaka n'kuyezanso muli m'chipinda chovutacho. Liwiro likatsika malo onse awiri, vuto lili ku kampani kapena pa bandulo. Likatsika kuchipinda kokha, vuto ndi la Wi-Fi, ndipo nkhani yosankha rauta imayambira pamenepa.

Marauta ambiri amatumiza mafunde a mitundu iwiri, a 2.4 GHz ndi a 5 GHz. Mafunde a 2.4 GHz amafika patali ndipo amayesetsa kudutsa makoma, koma liwiro lake ndi locheperapo. Njira yake ndi yothithikananso chifukwa Bluetooth, mauvuni a microwave ndi marauta a nyumba zoyandikana amadutsa momwemo. Mwa matchanelo ake, omwe sapondana ndi atatu okha: 1, 6 ndi 11. Mafunde a 5 GHz ali ndi liwiro lalikulu komanso matchanelo ambiri, koma amafooka msanga akakumana ndi khoma.

N'chifukwa chake mamangidwe a nyumba ndi ofunika kwambiri. Nyumba zambiri za ku America zimagawidwa zipinda ndi matabwa ndi mabolodi opyapyala, omwe mafunde amadutsa mosavuta. Kuno kwathu nyumba zambiri za m'tauni ndi za njerwa zootcha kapena mabuloko a simenti, zopakidwa pulasitala mkati ndi kunja. Khoma lililonse lotere limadya gawo la mphamvu ya mafunde, ndipo akadutsa makoma awiri kapena atatu a 5 GHz amakhala atatheratu mphamvu. Konkire yokhala ndi zitsulo mkati, ngati ya nyumba zosanja, imatchinga koposa. Malata, zitseko zachitsulo, magalasi odziyang'anira ndi madzi a m'thanki nazonso zimabweza kapena kumeza mafunde. Motero katoni ikalonjeza kuti rauta idzakwanira nyumba ya zipinda zinayi, wogula adzifunse kuti zipindazo ndi za makoma otani.

Munthu asanagule chilichonse, ayambe wayesa kusuntha rauta imene ali nayo. Rauta ili ngati nyali: ukaiika pakona kapena pansi pa tebulo, mbali yaikulu ya nyumba imakhala mumdima. Malo ake ndi pakati pa nyumba, pamwamba, poonekera, osati m'kabati kapena kuseri kwa TV. Komabe rauta ya simukhadi ili ndi vuto lakelake. Iyo imafuna kukhala pawindo loyang'ana ku nsanja ya kampani ya mafoni kuti ilandire bwino, pomwe windo limakhala m'mphepete mwa nyumba. Njira yabwino ndi kuisiya pawindopo, n'kukoka waya wa Ethernet kupita ku rauta yachiwiri imene yaikidwa pakati pa nyumba.

Ngati kusuntha sikudathandize, pali njira zitatu zofutukulira netiweki. Yotsika mtengo ndi extender, kachipangizo kamene kamalandira mafunde a rauta n'kuwabwereza. Kamagwira ntchito ngati womasulira pamsonkhano, amene amayamba wamvetsera kenaka n'kuyankhula, kotero uthenga umodzi umatenga nthawi yowirikiza. Pa chifukwa chimenechi extender yogwiritsa ntchito wailesi imodzi polandira ndi potumiza imadula liwiro pafupifupi ndi theka.

Njira yachiwiri ndi mesh, monga TP-Link Deco, Netgear Orbi kapena Eero. Izi ndi zipangizo ziwiri kapena zitatu zimene zimaikidwa m'malo osiyanasiyana koma zimagwira ntchito ngati netiweki imodzi ya dzina limodzi. Munthu akamachoka pabalaza kupita kuchipinda, foni yake imasamukira yokha ku chipangizo chapafupi. Zina zokwera mtengo zili ndi wailesi yachitatu yolumikizira zipangizozo zokhazokha, kotero liwiro silitsika kwambiri. Koma mesh nayo si mankhwala a makoma. Chipangizo chachiwiri chikaikidwa m'chipinda momwe netiweki idafa kale, chimangogawa mphamvu yochepa yomwe chikulandirayo. Malo ake ndi pakati pa njira, mwachitsanzo m'kolido, pomwe chikumvabe bwino chinzake.

Njira yachitatu, imene ine ndimaiona kuti ndi yodalirika kuposa zonse, ndi waya. Waya wa Cat5e kapena Cat6 umanyamula 1,000 Mbps mpaka mtunda wa mamita 100, ndipo sulabadira njerwa kapena malata. Pofuna kufikitsa intaneti kuboyizikota kapena kunyumba yapamwamba, waya wolumikiza marauta awiri, kapena zipangizo ziwiri za mesh, umathandiza kuposa kuonjezera tinyanga.

Tsopano ndinene za manambala a pa katoni, poti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Rauta yolembedwa AC1200 sipereka 1,200 Mbps ku foni imodzi. Nambalayi imapezeka pophatikiza 300 Mbps ya 2.4 GHz ndi 867 Mbps ya 5 GHz, ndipo liwiro lenileni limakhala lotsika kuposa pamenepo. Marauta ena otchipa ali ndi mabowo a waya a 100 Mbps basi, choncho amene ali ndi intaneti yothamanga afufuze mawu akuti Gigabit. Mu 2018 bungwe la Wi-Fi Alliance lidayamba kutchula mibadwo ya Wi-Fi ndi manambala, monga Wi-Fi 4, 5 ndi 6, ndipo Wi-Fi 7 idatsatira mu 2024. Kwa banja la mafoni ndi makompyuta ochepa, Wi-Fi 5 kapena 6 ndi yokwanira. Ubwino wonse wa mbadwo watsopano umaoneka pokhapokha foni nayonso ikhale ya mbadwo womwewo.

Pali zinthu zina ziwiri zosayenera kuiwalika. Choyamba ndi magetsi. Rauta imodzi, imene kawirikawiri imafuna 12V, itha kuyendera kabatire kakang'ono magetsi akazima, pomwe mesh ya zipangizo zitatu imafuna mabatire atatu. Chachiwiri ndi chitetezo. Rauta ikhale ndi WPA2 kapena WPA3 imene idatuluka mu 2018, ndipo pasiwedi yobwera nayo isinthidwe tsiku lomwelo, apo ayi bandulo idzathera anthu a kuseri kwa mpanda. Ogula rauta yogwiritsidwa kale ntchito atsimikize kuti siidatsekeredwe ku simukhadi ya kampani yakunja.

Pomaliza, maganizo anga ndi awa. Nyumba yaing'ono ya zipinda ziwiri kapena zitatu imakwanira ndi rauta imodzi ya mafunde a mitundu iwiri yoikidwa pamalo oyenera. Nyumba yaitali, yosanja kapena ya makoma ambiri a njerwa imafuna mesh, makamaka yolumikizidwa ndi waya. Wogula asanapite kusitolo ayende m'nyumba mwake foni ili m'manja, awerenge makoma amene ali pakati pa rauta ndi chipinda chilichonse, ndipo alembe liwiro lomwe wapeza. Pepala limenelo lidzamuuza zoona kuposa wogulitsa.