Kusamala Mitengo Yaing'ono M'chaka Chake Choyamba

Lero ndifuna kukamba nanu za mitengo yaing'ono ya zipatso, monga mango, malalanje ndi mapapaya. Chaka ndi chaka anthu amaoka mitengo yambiri m'dzinja, koma pofika Okotobala m'maenje ambiri mumangotsala timitengo touma. Zimene zimaipha ndizo mbuzi, moto, chiswe ndi kusowa madzi m'malimwe oyamba. Zonsezi mungathe kuziletsa mukadziwa ntchito ya nyengo iri yonse.

Tiyambe ndi mbande zimene zikali m'machubu kapena m'zitini. Chitini chiri chonse chikhale chobooledwa pansi, pakuti madzi akakhazikika mizu imaola. Thirirani m'mawa kapena madzulo, osati dzuwa liri paliwombo. Pakapita masabata 2 nyamulani machubu ndi kudula mizu imene yatulukira pansi, chifukwa mukaileka imalowa m'nthaka, ndipo tsiku lonyamula mbande imavulala. Kukatsala mwezi umodzi kuti muoke, yambani kuchotsa udzu wa pamthunzi pang'onopang'ono ndi kuchepetsa madzi, kuti mbande zizolowere dzuwa.

Maenje kumbani mvula isanagwe, mu Okotobala kapena Novembala. Dzenje likhale mapazi 2 kuya kwake ndi mapazi 2 m'mimba mwake. Dothi lapamwamba liikeni mbali ina, lapansi mbali ina. Lapamwambalo lisakanizeni ndi debe limodzi la manyowa owolerana bwino, nimuyambe kulibweza ilo m'dzenje. Manyowa aawisi amaotcha mizu. Mango atalikirane mayadi 10, malalanje mayadi 7, mapapaya mayadi 3.

Musanyengedwe ndi chizimalupsa, chifukwa pambuyo pake dzuwa limabweranso ndi ukali. Dikirani mvula yeniyeni, nthaka itanyowa mpaka pansi, kawirikawiri mu Disembala. Koma musachedwenso kufikira Malichi, pakuti mvula idzatha mizu isanazame. Poika mbande m'dzenje chotsani chubu, dothi la kumizu lisagumuke, ndipo ilowe kufikira pamene dothi la m'chubu linalekeza. Ngati mtengo uli womezanitsa, polumikiza pake pakhale pamwamba pa nthaka, ndipo mphukira zotuluka m'munsi mwa pamenepo muzizithyola. M'dzinja lonse palirani mozungulira mtengo, udzu usaulande chakudya.

Mvula ikamatha mu Epulo, phimbirani nthaka ndi udzu wouma kapena mapesi kuti chinyontho chikhalitse. Koma zophimbirazo zisakhudze tsinde, siyani mpata wonga chikhatho, chifukwa chiswe chimatsata udzu nichifika pa mtengo. Nthawi yomweyi mangani mpanda wa nsungwi kapena wa minga kuzungulira mtengo uli wonse, pakuti anthu akangokolola mbuzi zimayenda mwaufulu, ndipo mbuzi imodzi itha kutha mitengo yonse ya pakhomo tsiku limodzi.

Inu a kumapiri, monga ku Dedza ndi ku Ntcheu, chenjerani ndi chisanu cha mu Juni ndi Julayi. Mapapaya ndi mango aang'ono amapsa nacho. Amangireni kachisakasa ka udzu pamwamba.

Kuyambira Ogasiti kufikira mvula itagwa ndiyo nthawi yoopsa koposa. Konzani kabeseni ka dothi mozungulira mtengo, nimuthiremo debe limodzi la madzi sabata iri yonse. Kuthira ambiri kamodzi kumaposa kuwaza pang'ono tsiku ndi tsiku, chifukwa madzi akalowa pansi mizu imawatsata, koma akangonyowetsa pamwamba mizu imakhala pamwamba nipsa ndi dzuwa. Lambulaninso udzu kuzungulira munda wa mitengo moto wolusa usanayambe. Mango omezanitsa akachita maluwa akali aang'ono, achotseni maluwawo kuti mphamvu ipite ku nthambi ndi mizu.

Tsono mau anga otsiriza ndi a kwa inu mafumu. Munthu mmodzi sangaletse mbuzi za mudzi wonse, ngakhale moto wa osaka mbewa. Itanani anthu anu asanayambe kukolola, nimupangane za kuweta mbuzi ndi za chilango cha wotentha tchire. Amene muli ndi mafunso kaonaneni ndi mlangizi wa kwanu. Tsalani bwino.