Mwana akavulala, chithunzi chake cha X-ray chizipita naye limodzi

Mango akayamba kupsa kuno ku Chamama, ana othyoka mikono amachuluka. Wina wagwa mumtengo, wina waphonyeka pangolo, winanso wagundidwa ndi njinga yamoto ya kabaza. Nyengo ya fodya nayo ili ndi zake, malole onyamula mabelo opita ku Chinkhoma akamathamanga m'misewu yathu yafumbiyi. Njira ya mwana wovulala kwambiri timaidziwa tonse: chipatala chaching'ono chapafupi, kenako chipatala cha boma ku Kasungu, ndipo zikavuta, Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchoka pa boma. Pa Central pomwepo mu 2023 anatsegulapo chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION.

Chimene ndikufuna tikambirane lero ndi chinthu chomwe chimatsalira m'mbuyo paulendowu: chithunzi chomwe mwana wajambulidwa koyamba.

Makina a X-ray amagwiritsa ntchito cheza chomwe chimabowola mnofu koma chimatchingidwa ndi fupa, n'chifukwa chake fupa limaoneka loyera pachithunzi. Cheza chimenechi anachitulukira Wilhelm Röntgen ku Germany mu 1895. Sichipweteka, sichioneka, koma chimatha kuwononga pang'ono tizigawo ta m'thupi tomwe timalamula kakulidwe ka maselo. Nthawi zambiri thupi limakonza lokha. Mwa apo ndi apo limalephera, ndipo patapita zaka zambiri pamatha kubuka khansa. Mwana ali pachiopsezo kuposa wamkulu pa zifukwa ziwiri: maselo ake akugawikana mofulumira chifukwa akukula, komanso ali ndi zaka zambiri kutsogoloku zoti vutolo lidzaonekere.

Musathamangire kuopa, tiyeni tione manambala kaye. Cheza amachiyeza m'ma millisievert. Munthu aliyense, ngakhale amene sanapondepo kuchipatala, amalandira pafupifupi 2.4 pachaka kuchokera m'nthaka, m'miyala, mumpweya ndi kumwamba. X-ray ya pachifuwa ya munthu wamkulu ndi pafupifupi 0.1, ngati cheza cha masabata awiri basi. Ya dzanja kapena phazi ndiye yochepetsetsa. Nkhani imakula tikafika pa CT, makina aja olowetsa munthu ngati m'mphako, omwe amajambula zithunzi zambirimbiri mozungulira thupi. CT ya mutu ndi pafupifupi 2, ya m'mimba imafika 8 mpaka 10, kutanthauza cheza cha zaka zitatu kapena zinayi pa mphindi zochepa.

Mu 2012 magazini ya zachipatala ya The Lancet inatulutsa kafukufuku wa Mark Pearce ndi anzake, amene anatsatira ana ndi achinyamata oposa 175,000 a ku Britain omwe anajambulidwa ndi CT. Anapeza kuti pa ana 10,000 osakwana zaka 10 ojambulidwa mutu kamodzi, m'zaka khumi zotsatira pamawonjezeka mmodzi wodwala khansa ya m'magazi ndi mmodzi wa chotupa cha muubongo. Chiopsezo n'chaching'ono ndithu. Mwana amene akukha magazi m'mutu akhoza kufa usiku womwewo ngati sajambulidwa, ndiye adokotala akati CT, musakane. Koma cheza chimawunjikana. Kujambula kachiwiri chinthu chomwechomwecho, chabe chifukwa choti chithunzi choyamba chatsala kwina, ndi kumuwonjezera mwana chiopsezo popanda phindu lililonse.

Vutoli si la Malawi yekha. Ku America anadandaula nalo kwa zaka: mwana wajambulidwa CT pachipatala chaching'ono, watumizidwa kuchipatala chachikulu, CD yaiwalika kapena yakana kutseguka, amujambulanso. Zipatala zitalumikiza makompyuta awo kuti chithunzi chizifika pa intaneti ambulansi isanafike, kubwereza kunachepa. Kwathu kuno CT ili kuzipatala zikuluzikulu za m'mizinda, kotero chomwe chimabwerezedwa kawirikawiri ndi X-ray wamba. Cheza chake n'chochepa, inde, koma kubwerezako kumadya zinanso: mzere wina, kumutembenuzanso mwana wothyoka ntchafu patebulo, ndalama ngati ndi kolipira, ndipo magetsi akathima kapena makina akafa ndiye kudikira mpaka mawa. Komanso dokotala wa mafupa amafuna kuona mmene fupa linalili tsiku loyamba kuti ayerekeze ndi lero.

Chodabwitsa n'choti makina atsopano a digito nthawi zina ndi amene amasokoneza. Kale unkapatsidwa filimu yakuda ija mu envelopu, n'kuikulunga m'chitenje limodzi ndi buku la kuchipatala. Lero chithunzi chimakhala mukompyuta, ndipo ngati kompyutayo siilankhulana ndi ya ku Lilongwe, gadiyani amanyamuka chimanjamanja. Azachipatala ambiri amajambula sikirini ndi foni n'kutumizirana pa WhatsApp. Ine sindiwanyoza, njirayi yapulumutsa miyendo ya ana ambiri. Kungoti chithunzi cha pafoni chimataya tizinthu ting'onoting'ono, monga mng'alu wopyapyala, ndipo chinsinsi cha wodwala chimakhala pafoni ya munthu.

Lamulo lilipo. Dziko lino linakhazikitsa Atomic Energy Act mu 2011, ndipo bungwe la AERA ndi lomwe limayang'anira kagwiritsidwe ntchito ka cheza, kuphatikizapo makina a m'zipatala. Koma envelopu yoiwalika pawindo si AERA ingaitole.

Ndiye inu amayi, abambo, agogo amene mwakhala gadiyani, musanakwere ambulansi funsani mwaulemu: "Adokotala, chithunzi chija tipita nacho bwanji?" Ngati ndi filimu, itengeni, osaipinda, osainyowetsa. Ngati chili mukompyuta, pemphani CD, kapena akuloleni muchijambule ndi foni yanu. Onetsetsani kuti m'buku la mwana alembamo tsiku, mbali yomwe ajambula ndi zomwe apeza. Mukafika uko, nenani msanga kuti mwana anajambulidwa kale. Akati tijambulenso, mukhoza kufunsa chifukwa chake, ndipo nthawi zambiri chimakhalapo chomveka: fupa alikoka n'kuika chikhakha ndiye akufuna aone ngati lakhala m'malo, kapena mwana wasintha panjira. Sikani ya pamimba ija amayi oyembekezera amapanga ilibe cheza chotere, MRI nayonso ilibe.

Ndipo mwana amene wamenyetsa mutu, akamasanza mobwerezabwereza, kuwodzera modabwitsa, kukomoka, kapena kutuluka magazi kaya madzi m'khutu, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto usiku womwewo, buku lake lili m'manja.