Phiri la Mulanje, Nkhokwe ya Madzi

Kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la Malawi, kufupi ndi malire a Mozambique, kuli phiri lalikulu limene linaima lokha pakati pa chigwa. Limeneli ndilo phiri la Mulanje, ndipo lili m'maboma awiri, la Mulanje ndi la Phalombe.

Kwa woliona ali patali limakhala ngati phiri limodzi, koma pamwamba pake pali nsonga zambiri zopitirira mamita 2,500. Yaitali koposa zonse ndi Sapitwa, ya mamita 3,002, ndipo m'Malawi muno mulibe malo ena okwera kuposa pamenepa. Dzinalo likunena za malo osafikako munthu, pakuti makolo ankati kumeneko ndi kwa mizimu. Chakumadzulo kuli nsonga ya Chambe, yotchuka ndi thanthwe lake loongoka ngati khoma. Pakati pa nsongazi pali zidikha za udzu monga Lichenya ndi Thuchila, pamene chakumpoto, kutsidya kwa mpata wa Fort Lister, kuli phiri la Michesi.

Kutalika kumeneku ndiko kumaitana mvula. Mphepo ya chinyezi yochokera ku nyanja ya mchere ya Indian Ocean imadutsa m'dziko la Mozambique mpaka kudzaomba phirili. Posowa podzera imakwera, ikakwera imazizira, ndipo chinyezi chija chimasanduka mitambo ndi mvula. Nchifukwa chake mbali ya kum'mwera, kumene kuli minda ya tiyi, imalandira mvula yambiri ndi chiperoni cha m'nyengo yozizira, pamene chigwa cha Phalombe, chimene chili kuseri, chimakhala choumirapo.

Madzi amenewa amatsika m'mitsinje ya Likhubula, Lichenya, Thuchila ndi Ruo. Ruo amakathira mu Shire ku Chiromo, pamene mtsinje wa Phalombe umalowera ku nyanja ya Chilwa. Ngakhale anthu ena a mumzinda wa Blantyre amamwa madzi otengedwa ku Likhubula.

Koma nkhokwe imasunga chimanga pokhapokha denga lake lili bwino, ndipo denga la Mulanje ndi nkhalango. Mitengo ndi udzu zimagwira madzi ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. Boma linaika nkhalangoyi pansi pa chitetezo m'chaka cha 1927, ndipo mu 1984 mkungudza wa m'phirimu unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko. Komabe macheka, makala ndi moto wolusa zaipulula kwambiri.

Anthu a ku Phalombe sanaiwale madzi ndi miyala zimene zinatsika ku Michesi mu 1991, ngakhalenso namondwe wa Freddy mu 2023. Mvula yotere palibe angailetse, koma phiri lometedwa limatulutsa madzi mwaukali m'dzinja ndi kuumitsa mitsinje m'chilimwe. Mu 2025 bungwe la UNESCO linalemba Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Ulemuwo ndi waukulu, koma osunga phirili ndi anthu amene amamwa madzi ake.