ZOFUNDA ZA ZIGAMBA ZA KU GEE'S BEND

Pakuti m'manyumba ambiri ana amagona ali cogwinyira pa nyengo ya cisanu, tati mwezi uno tikuuzeni za amai a mudzi wina wa ku America amene anapambana mphepo ndi singano.

Mudziwo uli m'cigawo ca Alabama, pamene mtsinje wa Alabama ukhota ndi kuuzinga mbali zitatu. Dzina lace la Gee's Bend licokera kwa Joseph Gee, mzungu amene anatsegula munda wa thonje pamenepo m'caka ca 1816, naulimitsa ndi akapolo. M'caka ca 1845 mundawo unapita m'manja mwa Mark Pettway, ndipo iye anabwera ndi akapolo ace ngati 100, amene anayenda pansi kucokera ku North Carolina. Ndico cifukwa cace mabanja ambiri a kumeneko ali ndi dzina la Pettway, dzina la mwini akapolo.

Ukapolo utatha m'caka ca 1865, umphawi sunathe ai. Anthu analima thonje m'minda ya eni, ngongole ili pakhosi. Nyumba zao zinali za mitengo ndi matabwa, zolowa mphepo, kotero kuti anamata manyuzipepala m'zipupa. Ndalama za bulangeti panalibe. Cimene cinalipo ndico zobvala za kumunda zakutha: mathalauzi a jinzi, maovololo, malaya, ndi matumba a ufa.

Tamvani tsono macitidwe ao. Anamasula misoko ya thalauzi, naiyala miyendo yace kuti ikhale mizere yaitali, nailumikiza kufikira itakwana bedi. Iyo ndiyo nsaru ya pamwamba. Pakati anaika thonje, limene analiomba ndi ndodo kuti fumbi licoke. Pansi anayala nsaru yina. Pomwepo anasoka zitatuzo pamodzi ndi manja, kawiri kawiri amai angapo atakhala pamodzi. Cimene citikondweretsa ife ndi ici, kuti sanabise kutha kwa nsaruyo. Pamene panali thumba, jinzi likhala lobiriwira bii, pakuti dzuwa silinafikepo. Pa maondo likhala losuluka mbuu. Amaiwo anasanja mangawo monga mwa mtima wao, osatsata citsanzo ca m'buku.

Mmodzi wa iwo, Missouri Pettway, mwamuna wace Nathaniel atamwalira, anatenga zobvala zace za kumunda, nasoka nazo cofunda m'caka ca 1942, kuti azifunda ndi kumkumbukira. Cofundaco cilipo kufikira lero.

Za bwato loolotsa anthu tinenepo pang'ono. M'caka ca 1962, pamene anthu akuda anali kupita ku Camden kukalembetsa kuti azibvota, akuru a boma analiimitsa, ndipo mudziwo unatsala ndi njira yaitali yozungulira. Linabwerera m'caka ca 2006. Pakati pa zaka zimenezo, m'caka ca 2002, zofundazo zinapacikidwa m'nyumba zoonetsera zaluso ku Houston ndi ku New York, ndipo anthu ophunzira anazizwa nazo. M'caka ca 2006 positi ya America inasindikiza masitampa 10 a zithunzi zace. Tsono cimene agogo anasokera ana ogona pansi cinayamba kugulidwa ndi ndalama zambiri. Ngakhale tiyenera kunena kuti ndalamazo sizinafike zonse kwa osokawo, ndipo ena a iwo anakadandaula ku bwalo la milandu.

Nanga ife kuno? Majinzi a pa kaunjika ali m'nyumba iri yonse, ndipo akang'ambika pa maondo timawataya kuseri, pamene kumbuyo kwa miyendo kukali kolimba. Muwacape, mudule ndi kucotsa misoko yokhuthala, cifukwa ndiyo ithyola singano. Muyese mathalauzi 8 kapena 10 a munthu wamkuru, muone ngati sakwana cofunda ca mwana. Jinzi ndi lolemera, cotero thonje la pakati silifunika kwenikweni. Citenje cakale cikwana kukhala nsaru ya pansi. Musoke ndi ulusi wophatikiza pawiri, mizere yotalikirana ngati zala zinai, kuti nsaruzo zisatererane pocapa. Ndipo tsiku locapa musankhe la dzuwa, pakuti cofunda cotere cikanyowa sicifulumira kuuma.