Kodi ofufuza amadziwa bwanji kuti mankhwala amagwiradi ntchito?

Mwina munamvapo dokotala akunena kuti "kafukufuku wasonyeza kuti mankhwalawa ndi othandiza." Muli ndi ufulu wodziwa pamene mawu amenewa achokera. Wodwala mmodzi akachira, umenewo si umboni wokwanira, pakuti ena amachira okha popanda mankhwala. Ndi chifukwa chake ofufuza amayerekeza magulu a anthu, kenako n'kuwerengera ngati kusiyana komwe aona kungachitike mwangozi.

Chitsanzo cha ma ARV

Kafukufuku wa HPTN 052 anachitika m'maiko 9, kuphatikizapo Malawi, Zimbabwe, Botswana, South Africa ndi Kenya. Munali maanja 1,763 omwe mmodzi anali ndi HIV pomwe mnzake analibe. Maanjawa anagawidwa mwamayere m'magulu awiri pafupifupi ofanana kukula. M'gulu loyamba, amene anali ndi HIV anayamba kumwa ma ARV nthawi yomweyo. M'gulu lachiwiri anadikira kufikira chitetezo cha m'thupi chitatsika, monga momwe malangizo a nthawi imeneyo ankanenera. Onse analandira uphungu ndi makondomu.

Mu 2011 zinapezeka kuti anthu 28 anatenga HIV kwa okondedwa awo. Mwa iwo, 27 anali a m'gulu lodikira, mmodzi yekha ndiye anali wa m'gulu loyamba.

Kodi sizinangochitika mwangozi?

Ofufuza amayamba ndi kukayika. Amati: tiyerekeze kuti kuyamba mankhwala msanga sikusintha kanthu. Zikanakhala choncho, aliyense mwa anthu 28 aja akanatha kuchokera m'gulu lililonse, monga ndalama yachitsulo imatha kugwera mbali iliyonse mukaiponya m'mwamba.

Mukaponya ndalamayo ka 28, mungayembekezere kuti mbali ya mutu ituluka ka 14, koma sizikhala ndendende choncho nthawi zonse. Mukabwereza masewerawa kambirimbiri, pa maulendo oposa 95 mwa 100 alionse mutu umatuluka pakati pa ka 9 ndi ka 19. Kuti mbali imodzi ituluke kamodzi kokha, kapena isatuluke n'komwe, n'zosowa kwambiri: sizifika kamodzi pa maulendo 1 miliyoni.

Nambala yonena kuti zotsatira zoterezi zingaoneke kangati ngati mankhwala sasintha kanthu imatchedwa p-value. Kawirikawiri ikachepera 0.05, kutanthauza 5 mwa 100, ofufuza amasiya ganizo lakuti palibe kusiyana. Pa kafukufukuyu inali yaing'ono kwambiri kuposa pamenepo, ndipo chiopsezo chopatsira mnzako HIV chinatsika ndi 96 peresenti.

Zofunika kusamala

Nambalayi ikakhala yaing'ono sinena kuti phindu la mankhwala ndi lalikulu bwanji. Zimenezo zimawerengeredwa pazokha. Ikakhala yaikulu si umboni wakuti mankhwala ndi achabe, chifukwa mwina anthu a m'kafukufukuyo anachepa. Komanso zotsatira zimanena za gulu lonse, si lonjezo kwa munthu aliyense payekha.

Zimene mungachite

Wina akakuuzani za mankhwala ochiritsa, funsani kuti anayesedwa pa anthu angati, anayerekezedwa ndi chiyani, ndipo zovuta zake n'zotani. Umboni wa mnansi kapena uthenga wa pa WhatsApp sungalowe m'malo mwa kafukufuku.

Ngati muli ndi HIV, yambani ma ARV msanga, imwani tsiku lililonse, ndipo muziyezetsa kuchuluka kwa tizilombo m'magazi pa nthawi imene achipatala akuuzani. Kumbukirani kuti ma ARV sateteza ku matenda ena opatsirana pogonana.